Kope la Njerwa

Anandipatsa kope poti ndimaphunzira zowerengera ndalama.
"Iwe Saujati, manja ako samata," anatero,
ndiye ndikulemba.

Tsamba loyamba: zomwe zinatsala.
Khoma lakuzambwe, theka.
Chitseko chimodzi, chilili chopanda nyumba.
Mikeka isanu ndi iwiri yonunkha chinyezi.
Ndowa yabuluu yomwe tinkatawazira
tinakaitola m'munda wa chinangwa wa eni ake,
mphepo itaikhazika bwinobwino ngati katundu wa mlendo.
Wotchi yapakhoma inaima itangopitirira folo koloko.
Mvula ikanapanda kutichedwetsa ku swala ya m'bandakucha…
Izo sindinalembe.

Semesita yonse tinaswalira m'kalasi,
kukankhira madesiki kukhoma,
mphumi kudzuka zili mbuu ndi fumbi la choko,
pabolodi pali masamu a anthu ena osafufuta.
Mlonda ankaliza makiyi pakhomo
tisanafike n'komwe pa rakaa yomaliza.

Tsamba lachinayi: zomwe zinabwera.
Twaibu wa chaka chachiwiri, theka la thumba la simenti,
ndiye kuti masabata atatu osadya masana.
Ajida, ndalama ya basi yopita kwawo ku Namwera;
holide yonse anakhala konkuno.
Wakabaza wa pamlatho, dzina anakana kutchula,
maulendo asanu ndi anayi a mchenga.
Mayi Nasiyaya ogulitsa zitumbuwa pageti,
omwe Lachinayi amavala yunifolomu yakutchalitchi kwawo,
faifi sauzande yopinda kanayi, yamafutamafuta.
"Si inu mumandigula?" Basi, anabwerera pa beseni lawo.
Bwana wina wa galimoto yamagalasi akuda
analonjeza malata onse pa maikolofoni,
ife m'manja phwaphwaphwa.
Mzere wake udakali woyera.

Mmisiri wathu, bambo Fabiano, anafunsa chingwe chili m'manja:
"Tsono Maka wanuyo ali mbali iti?"
Mafoni asanu anatuluka m'matumba,
mivi isanu, uliwonse kuloza kwake.
Tinatsutsana, ana a sukulu yaukachenjede,
dzuwa la Mangochi likuswa mtengo.
Che Mdoka, omwe anayamba kusesa pano ife tisanabadwe,
sanayankhe kanthu.
Anapala pansi ndi khasu lawo lakutha
mpaka maziko akale anasuzumira,
miyala yondanda kuloza kumpoto,
yopendekera pang'ono chakuvuma.
Fabiano anakhoma chikhomo pomwepo.
Mafoni anabwerera m'matumba mwakachetechete.

Njerwa zakale sitinataye.
Loweruka lililonse timazigogoda matope ndi zikwanje,
yathunthu uku, yosweka uko,
yosweka nayonso ili ndi malo ake pansi pa simenti.
Mayeso a Lolemba ndinalemba ndi zala zamatuza,
cholembera chikuterereka.
Mphunzitsi anafunsa ngati ndayamba ganyu.
Ndinati eya.

Lero Lachisanu khoma lafika pamwamba pa mawindo.
Denga kulibe.
Twaibu anakwera pa mgolo wamadzi kuitana azana,
mawu ake, posowa malata owabweza,
anangopita,
kudutsa hositelo, kudutsa migwalangwa, mpaka kumsewu,
wina wokankha njinga ya makala anacheuka.
Tinavula nsapato pakhomo lopanda chitseko,
chifukwa khomo ndi khomo.
Ife akazi kuseri kwa chitenje chomangirira pa nsungwi,
mchenga ukuwotcha maondo kupyola mkeka.
Pogwetsa mphumi pansi ndinamva fungo la simenti yaiwisi
losakanikirana ndi la dothi lakale lija.

Ine ndimaliza maphunziro mu Novembala.
Mwina mvula idzandipeza nditapita,
ndipo pansi pa dengali padzaswali ena
osadziwa kuti njerwa yachitatu kuchokera pawindo
inadya nkhomaliro ya Twaibu.

Kope ndidzasiyira wa chaka choyamba.
Tsamba lomaliza ndalemba ndi pensulo:
malata makumi anayi ndi asanu ndi limodzi,
misomali makilogalamu asanu ndi atatu,
batire la wotchi.